Tsiku Limene Alamu Anga Anakuwa kwa Eni

Mukapita ku bwalo la sofitibolo ku Gaborone Loweruka ligi ikamaseweredwa, muyang'ane kunja kwa waya, chakumbali kwa besi yachitatu, pomwe pali kamtengo kaminga kopanda mthunzi weniweni. Mudzaona bambo wamtali, wowonda, wovala chipewa cha nsalu chofwifwa, atakhala pa chidebe chozondotsa ndipo akulembera pa bondo. Amenewo ndi a Ambrose Kalitsiro, alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Dinnah. Kale ankakhala mkati, pa tebulo la wolemba zotsatira, pansi pa denga la malata, madzi ozizira akuchita kuwabweretsera. Anawachotsapo. Ine Sekani ndinalipo tsiku limene zinachitika, ndipo pa zaka zonse zomwe ndadziwana ndi munthu ameneyu, ndi tsiku lokhalo limene ndinamunyadira popanda kuwonjezerapo "koma".

Kwawo ndi ku Ntcheu, chakumtunda kwa Tsangano kolimidwa kachewere kuja. Anabwera kuno Dinnah atapeza ntchito ya unamwino, iwo n'kupeza ya uphunzitsi wa masamu pa sukulu ina yoyima payokha. Ine ndinawatsatira pambuyo pake; ndimayeza malo kumene akumanga nyumba zosanjikizana ku CBD, pakati pa mzinda. Iwo amakhala ku Modipane, mudzi womwe anthu ambiri amangogonako, ntchito n'kumagwira m'tauni.

Anthu ofatsa ndinawaonapo, koma kufatsa kwa alamu anga kunali kopsetsa mtima. Wina akawaponda phazi m'kombi, minibasi ya kuno, opepesa anali iwo. Mawu oyamba a Chitswana amene anaphunzira anali othokoza, ke a leboga, ndipo ankathokoza aliyense: wapolisi wowaimitsa popanda chifukwa, mayi wowadumpha pamzere m'sitolo, ngakhale kondakitala wowatsitsa pamalo olakwika. Ukawafunsa, yankho linali limodzi. "Alamu, kwa eni kulibe mkuwe. Pemiti sasaina munthu wamakani." Sindikunena kuti ankanama. Tonse obwera timaidziwa nyengo imene pemiti yokhalira m'dziko muno yatsala pang'ono kutha, mmene munthu umayendera monyang'ama ngati m'nyumba muli wodwala. Koma enafe mantha amenewa amabwera n'kupita, pomwe kwa alamu anga anafika n'kukhazikika.

Sofitibolo anaipeza mwangozi. Kwathu sitiidziwa, koma kuno ndi masewera aakulu, a amuna ndi akazi omwe. Mkulu wa sukulu yawo ataona kuti mphunzitsi watsopanoyu sangagwire mpira ngakhale utamuponyera mokomera, anamupatsa pepala ndi pensulo kuti azilemba zochitika. Ndi mmene munthu anapezera chipembedzo chachiwiri. Posakhalitsa a ligi anamva kuti kuli Mmalawi wina amene salakwitsa nambala ndiponso sadandaula ndi dzuwa, ndiye anamutenga.

Kwa inu amene simunaonepo masewerawa, zimayenda chonchi. Wina amaponya mpira, wa timu inayo n'kuumenya ndi ndodo n'kuthamangira pa besi, malo opondapo amene alipo anayi m'bwalomo; akawazungulira onse, timu yake yapeza mfundo. Anzake a woponya amakhala atamwazikana m'bwalo atavala magulovu, kuti augwire mpirawo ndi kumutulutsa wothamangayo. Ntchito ya wolemba si kungowerenga mfundo ayi. Womenya akafika pa besi osatulutsidwa, wolemba ayenera kugamula: kodi wafika chifukwa anaumenya mwaluso moti palibe akanaugwira, kapena chifukwa wina wagwetsa mpira woti akanaugwira? Choyambacho amati hiti. Imakweza dzina la womenya ndipo imadetsa mbiri ya woponya. Chachiwiricho amati era, ndipo mlandu umapita kwa wogwetsayo. Womenya sapindulapo kanthu, woponya amakhala wosalakwa. Woyimbira masewera salowererapo pamenepa. Zili kwa wolemba yekha. Amalemba ndi pensulo masewera ali mkati, akatha n'kudutsamo ndi inki ndi kusaina, ndipo pepala likasainidwa nkhani yatha.

Alamu anga sanalekere pa za kuno zokha. Anazindikira kuti ku America kuli besibolo, mkulu wake wa sofitibolo, komwe anthu amasewera ngati ntchito yolembedwa, ndipo zotsatira za masewera aliwonse zimatuluka pa foni m'mizere ya manambala. Masewerawo sawaonera. Amangowerenga manambalawo m'mawa akumwa tiyi, ndipo kuchokera m'menemo amatha kukufotokozera masewera onse ngati anali pomwepo: amene anamenya kangati, anaphonya kangati, woponya anayamba kutopa m'gawo liti. Chodabwitsa n'choti pa foni pamenepo anali mkango. Ankakalipira olemba a ku America, anthu oti sadzawaona mpaka kufa. "Uyu ndi wakuba uyu! Mpira umenewu ungakhale hiti bwanji?" Ine ndinkaseka. "Alamu, a ku America okha ndi amene mumawatha, poti sasaina pemiti."

Ali ndi mwana mmodzi, Mwayi. Anabadwira konkuno, ndipo ukamuyankhula m'Chichewa amamva zonse koma amakuyankha m'Chitswana kapena m'Chingerezi. Atswana amatchula bambo ndi dzina la mwana wake, choncho pa bwalo ponse alamu anga ndi Rra Mwayi. Ubale wawo sunali wobisika kwa aliyense. Mtsikanayu anakulira m'mbali mwa tebulo la bambo ake, ndipo atasinkhuka anakhala woponya wa timu ya Notwane Arrows. Amazunguza mkono kamodzi, mpira n'kutulukira m'munsi cha m'chiuno, ndipo chomwe umamva ndi phaa! m'gulovu la wogwira kumbuyo, womenya akadaganiza zoti amenye. Sindikukokomeza chifukwa choti ndi mwana wa mlongo wanga. Funsani aliyense amene anaimapo kutsogolo kwake.

Koma Mwayi alibe Omang, chitupa cha nzika za dziko lino. Pasipoti yake ndi ya Malawi. Anzake amene ankawatulutsa Loweruka lililonse ankaitanidwa ku timu ya dziko, kuvala yunifomu ya buluu ndi kukwera ndege, iye n'kumawaperekeza ndi maso. Chokhacho chimene dziko lino likanamupatsa chinali manambala a m'mapepala a ligi. Ndipo manambalawo ankalemba anali bambo ake, chifukwa olemba odziwa ntchito ndi ochepa ndipo wosajomba anali iwo okha.

Apa ndiye pamene panali bala. Mpira ukakhala wokayikitsa ndipo woponya ndi mwana wa wina, alamu anga ankagamula molungama, aliyense n'kuvomereza. Koma woponya akakhala Mwayi, chikaiko chilichonse chinkagwera pa mutu pa Mwayi. Wina wagwetsa mpira wosavuta? Hiti. Wina waponya mopotoka kupita ku besi? Hiti. Ankaopa kuti anthu anganene kuti mlendo akukondera mwana wake. A komiti ya ligi ankawatamanda nazo kwambiri, amvekere Rra Mwayi ndi munthu wachilungamo, sakondera ngakhale magazi ake. Iwo n'kumati ke a leboga, rra.

Chaka china zinafika poipa. Mwayi ankapikisana ndi mtsikana wina pa chikho cha woponya wabwino koposa, chomwe chimapita kwa amene wagoletsedwa mfundo zochepa mwa vuto lake. Pa masewera ena mnzake wa kumapeto kwa bwalo anagwetsa mpira wam'mwamba, wofika m'manja ngati mango ogwa okha. Bambo ake analemba hiti, ndipo mfundo ziwiri zomwe zinatsatira zinawerengedwa pa Mwayi. Chikho chinamudutsa ndi kachidutswa ka nambala. Sanalire, sanakalipe. Anangosiya kukwera galimoto ya bambo ake. Kuyambira pamenepo, popita ku bwalo ndi pobwera ankakwera kombi, chikwama cha magulovu chili pamiyendo, galimoto ya kwawo ikudutsa ili ndi mipando yopanda anthu.

Ine ndine malume ake, ndipo kwathu mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako. Ndinapita ku Modipane kukayankhula.

"Alamu, mwanayu mukumubera."

"Sindikumubera. Ndikumuteteza. Akayamba kunena kuti timakonderana, atichotsa tonse awiri. Iye adzasewera kuti?"

"Ndiye kuli bwino muzimudula chala chimodzichimodzi kuti asamudule mkono?"

"Alamu, kwa eni..."

"Musamalize. Mwambi umenewo ndatopa nawo."

Ndinachoka osamwa ndi tiyi yemwe. Dinnah anandiperekeza mpaka pageti, maso ali ofiira.

Kenako inafika nyengo yomaliza. Mwayi anali atakula kupyola msinkhu wokhala pa pemiti ya makolo, ndipo anali atapeza malo pa koleji ina ku Lilongwe. Kumeneko kulibe ligi, kulibe bwalo, kulibe ndi womugwirira mpira yemwe. Masewera otseka ligi, a Arrows ndi Naledi Sparks, anali omaliza pa moyo wake wa sofitibolo, ndipo tonse m'banjamo tinkadziwa zimenezi ngakhale panalibe wozitchula. Ine mantha anga anali amodzi: kuti mwanayu akwera basi ya ku Malawi asanakhululukire bambo ake, ndipo zinthu zotere zikawoloka malire sizichedwa kuuma.

M'mawa wa tsikulo ndinafika ku Modipane kuti tipitire limodzi. Ndinapeza alamu anga ali pakhonde, tiyi wazizira, akulimbana ndi foni. Ku America woponya wina anali atafika gawo lomaliza popanda womenya aliyense kupeza hiti, chinthu chomwe oponya ambiri amapuma ntchito asanachilaweko. Ndiye wina anagwetsa mpira, wolemba n'kuutcha hiti.

"Taonani, alamu! Magawo asanu ndi atatu, hiti ziro. Lachisanu ndi chinayi, imodzi, ndipo nkhani yonse ikunena kuti mpirawo unagunda gulovu. Munthu ameneyu wamulanda mnzake chinthu cha moyo wonse. Akugona bwanji munthu wotere?"

Dinnah anali akuyanika yunifomu yake pa chingwe. Sanatembenuke n'komwe.

"Amagona bwinobwino, bambo a Mwayi. Ndimagona naye nyumba imodzi, ndikudziwa."

Nthawi yomweyo Mwayi anatuluka ndi chikwama chake n'kutsanzika. "Go siame, mama. See you at the ground, malume." Bambo ake anangowadutsa, n'kulunjika ku msewu kukadikira kombi. Ulendo wonse wopita m'tauni alamu anga sanayatse ndi wailesi yomwe.

Bwalo linadzaza. Anthu a ku Old Naledi anabwera wapansi m'magulumagulu, ena ndi malipenga apulasitiki, ena ndi zigubu zoimba ngati ng'oma, ndipo onse anabwerera munthu mmodzi, Angelina. Ameneyu ndi womenya wa Sparks, mwana wobadwira m'tinyumba ta ku Old Naledi komweko, ndipo nyengo yonseyo panalibe masewera amene anatuluka wopanda hiti. Akanapeza imodzi yokha tsikulo, akanatseka chaka chonse osaphonya, chinthu chomwe akuti sichinachitikepo mu ligi ya amayi. Ine Angelina ndilibe naye chifukwa. Ndi mtsikana waulemu, wolimbikira, ndipo anthu akwawo alibe zambiri zoti azinyadira pa nyuzi. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa tebulo, pomwe alamu anga anakhala ndi a Wesley, Mzambia wa ku Lusaka amene amaulutsa zotsatira pa chimkuzamawu.

Tsiku limenelo Mwayi anaponya ngati munthu wokwiya, ndipo anali wokwiyadi. Gawo loyamba anatulutsa atatu onse osakhudza mpira. Angelina atabwera koyamba anazunguza ndodo katatu m'malere n'kubwerera akupukusa mutu. Kachiwiri anaumenya ndithu, unakwera m'mwamba, koma unakagwera m'gulovu la wa pakati pa bwalo. Arrows inapeza mfundo ziwiri m'gawo lachinayi. Mwayi anaphonya malo kwa omenya awiri n'kuwapatsa besi yaulere, koma imeneyo si hiti. Ndinkasuzumira pa phewa la alamu anga n'kumaona mzere wa hiti za Sparks: ziro, ziro, ziro. Pofika gawo lachisanu ndi chimodzi, pensulo anali ataisongola kawiri yosafunika kusongola.

Sofitibolo imathera gawo lachisanu ndi chiwiri. Womenya woyamba anatuluka. Wachiwiri anali Angelina, mwayi wake womaliza, ndipo zigubu zinalira moti malata a pa tebulo ankanjenjemera. Mpira woyamba anausiya. Wachiwiri anaumenya, koma sanaupeze pakati. Unayenda pansi, ukudumphadumpha, kulunjika kwa mtsikana wa Arrows woima pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu. Sanasunthe ndi phazi lomwe. Mpira unalowa m'gulovu, iye n'kudzutsa mutu msanga kuti aone kumene Angelina wafika, ndipo mpira unatuluka n'kugwera pa nsapato yake. Pomwe ankautola, Angelina anali ataponda kale besi yoyamba. Mtsikanayo anadzimenya pachifuwa akuyang'ana Mwayi, kusonyeza kuti walakwitsa ndi iye.

Bwalo lonse linaphulika. "Hit! Hit! Hit!" Kenako mitu yonse inatembenukira ku tebulo.

A Wesley anatseka chimkuzamawu ndi dzanja n'kuweramira kwa alamu anga. "Ba Ambrose, lembani chabe hit. Imwe muziba mwamene bantu aba balili. Muzatiletelela problem ise tonse."

Zonena zanga ndinali nditamaliza kalekale. Ndinayang'ana Mwayi. Sanayang'ane ku tebulo ngati wina aliyense. Anatembenuka n'kupereka msana, akupukuta mpira pa buluku, ngati munthu wodziwa kale chomwe chikubwera. Msana umenewo bambo ake anauona. Pensulo inakhala m'mwamba nthawi yaitali ndithu, kenako inatsika, ndipo ndinaona ikulemba chilembo cha era ndi nambala ya malo a mtsikana wogwetsa uja.

"Era," anatero alamu anga.

"Mwati bwanji?"

"Ndati era, a Wesley. Ulutsani."

A Wesley anaulutsa ndi mawu a munthu wolengeza maliro. Phokoso lomwe linatsatira sindingalifotokoze. Mawu aja amene amatitchula nawo obwerafe akakwiya, amene sindiwalemba pano, anamveka mbali zonse. Botolo lapulasitiki linagunda denga. Mwayi anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana bambo ake koyamba tsiku limenelo. Kenako anabwerera pamalo ake n'kutulutsa omenya awiri otsalawo, womalizayo ndi mipira itatu yosakhudzidwa.

Masewera atatha, mkulu wa komiti anabwera ku tebulo ndi anzake awiri. Ndi bambo wonenepa, woyankhula mofatsa, ndipo kunena zoona sanachite chipongwe.

"Rra Mwayi, you have always been a fair man. Tsweetswee, look at it again."

Anachonderera, n'kufotokoza kuti pepala linali lisanasainidwe, pensulo imafufutika, ndipo palibe angadabwe. Anati anthu ndi okwiya, Angelina ndi mwana wa dziko lino amene tsogolo lake lili m'masewerawa, pomwe Mwayi akupita kwawo ndipo ziro ameneyu sakamuthandiza kanthu kumeneko. Anamaliza ndi kunena kuti zikakhala chonchi, komiti idzakakamizika kuona ngati n'koyenera kuti bambo azilemba pa tebulo limeneli.

Ndinkadikira ke a leboga. Ndinali nditakunga kale nkhonya m'thumba podikira mawu amenewo.

"Nnyaa, rra," anatero alamu anga.

Nnyaa ndi kukana. Sindinkadziwa kuti mawuwa amawadziwa. Anayamba kufotokoza m'Chingerezi, kuti mpira unalowa m'gulovu n'kutuluka, kuti lamulo likunena za mpira woti munthu akanaugwira popanda kudzipha, koma Chingerezi chinawathera panjira ndipo zotsalazo zinatuluka m'Chichewa, mkulu wa komiti akungophethira.

"Mukuti ndine fair? Zaka zonsezi ndakhala ndikumubera mwana wanga kuti inu muzinditcha fair! Akanakhala mwana wa wina aliyense pano, era imeneyi ndikanalemba osaganiza kawiri, ndipo inu mukanandiwombera m'manja. Akupita kwawo, eya. Ndiye apite wopanda kanthu? Yunifomu ya dziko munakana, sindinadandaule. Ichi chokha ndi chake. Sanapemphe kwa munthu, waponya yekha ndi mkono wake!"

Anasolola cholembera cha inki m'thumba la malaya. Anadutsa pa chilembo chija pang'onopang'ono, mokanikiza moti chinaonekera kuseri kwa pepala, kenako anasaina. Mkulu wa komiti anapumira m'mwamba n'kunena kuti chaka chamawa adzapeza wolemba wina. Alamu anga anagwedeza mutu ngati awauza kuti kunja kukutentha.

Ndinene pano, kuti wina asati Sekani akukondera: n'zoona, bambo sayenera kulemba masewera a mwana wake. Lamulo limenelo ndi labwino. Koma linali kuti zaka zonse zimene pensulo ya bamboyo inkadya mwana wake yemwe? Nthawi imeneyo ankati ndi chilungamo. Linatulukira tsiku limodzi lokha limene mwanayo analandira zake, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Mwambo wa pa bwaloli ndi woti masewera akatha, wolemba amapereka pepala kwa woulutsa kuti awerengere anthu zotsatira ndi manambala a osewera. Alamu anga anapereka. A Wesley anakweza manja onse awiri.

"Awe, mudala. Ine siningabelenge ivi. Nili na bana."

Alamu anga anatenga chimkuzamawu okha. Atangoti "Notwane Arrows", wina kumbuyo anazula chingwe cha magetsi, mawu n'kuzima. Anachiyang'ana chimkuzamawu chija, anachiika pansi bwinobwino, chifukwa ndi munthu wosamala katundu wa eni. Kenako anakwera pa mpando. Munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wa mawondo olira, anaima pa mpando wapulasitiki, pepala m'manja, chipewa chitapendekeka, n'kukuwa. Sindinadziwe kuti m'chifuwa chowonda chija muli mawu otero.

"Arrows two, Sparks zero! Pitcher, Mwayi Kalitsiro! Seven innings! Eleven strikeouts! Two walks! Runs, zero! Hits..."

Malipenga anayesa kuwaphimba. Anadikira kuti oimbawo apume, n'kukuwanso mokweza kuposa poyamba.

"Hits, zero! Ziro! Mwana wanga ameneyo!"

Ena anatukwana, ena anaseka, ndipo chakumbali kwa Arrows kunamveka nthungululu imodzi yomwe ndinaizindikira, chifukwa ndinakula nayo nyumba imodzi. Dinnah anali atabwera osatiuza. Angelina anali atakhala pa benchi nkhope ili m'manja, ndipo ndinamumvera chisoni chenicheni. Patapita kanthawi anadzuka, anapita kwa Mwayi, anamugwira dzanja mwachidule n'kuchoka osayang'ana ku tebulo.

Tinatuluka anthu akutipatsa njira mokhala ngati tili ndi nthenda. Alamu anga makiyi a galimoto anawagwetsa kawiri. "Alamu, ndachita chiyani?" anandifunsa chapansipansi. Ndinati mwachita zomwe munayenera kuchita kalekale, ndipo musayembekeze kuti ndikupepeseni.

Titafika pomwe tinaimika galimoto, tinapeza Mwayi atatsamira chitseko chakutsogolo, chikwama chili pansi, fumbi lofiira lili m'mawondo. Makombi opita ku siteshoni anali akuitanira anthu kutsidya kwa msewu. Bambo ake anafika pachitseko chawo. Anatsegula galimoto, Mwayi n'kuponya chikwama kumbuyo, kumene ine ndi Dinnah tinadzipanikiza, n'kukhala kutsogolo.

Tinatuluka m'tauni. Tikulowa msewu wa ku Modipane, Mwayi anatsitsa galasi, mphepo yotentha n'kulowa. Kenako anayankhula, osati m'Chitswana, osati m'Chingerezi, koma m'Chichewa chake chopindikapindika chija chimene amachisungira agogo ake pa foni.

"Adadi, sindinamve bwino. Kunali noise. Munenenso."

Alamu anga anayang'ana msewu. Anayamba motsitsa, ngati mmene amayankhulira masiku onse. "Seven innings. Eleven..."

"Ayi, adadi. Ngati muja."

Anatsitsa galasi la mbali yawo, natulutsa mutu pang'ono, ndipo anthu odikira kombi m'mbali mwa msewu, ogulitsa mavwende ndi abusa a mbuzi onse anatembenuka kuyang'ana galimoto yodutsa, mmene munali Mmalawi wina akukuwa manambala.